Nkhanga Zoleredwa ndi Thadzi

Ine sindichedwa kukayikira munthu, ndipo sindibisa. Mchere ukachepa m'chitini, ndimayamba kukumbukira amene analowa m'nyumba dzulo. Khalidweli linandipweteketsa pamene tinkakhala kufupi ndi Vubwi, amuna anga akuphunzitsa pasukulu ya pulayimale, m'zaka zomwe anthu ankawoloka malire kuthawa nkhondo ku Mozambiki.

Mmodzi mwa othawawo anali mayi wamasiye wa ana awiri aakazi. Ndine ndinamupemphera malo kuseri kwa khola lathu, ndipo anthu a m'mudzi analola monyinyirika. Ananeneratu kuti akadzangomva kuti wagwira cha mwini, achoke. Iye ankazidziwa zimenezi, inenso ndinkazidziwa.

Mayi yemweyo ndiye anapeza chisa cha nkhanga kutchire akutola nkhuni. Ananditengera komweko, n'kundiletsa kugwira mazira ndi manja. Tinawatapa ndi chipande, limodzilimodzi, n'kusiyamo atatu kuti mwini chisa asanyanyale. Kunyumba ndinawaika pansi pa thadzi langa lofiira lomwe linali litayamba kufungatira, ndipo linaswa asanu ndi atatu.

Thadzilo linalera tinkhangato ngati take. Koma nthenga zamawangamawanga zitangomera, zinayamba zakezake. Mwanapiye wa nkhuku amadziwa mimba yake yokha, akagwira chiwala amathawa nacho. Izi ayi. Zinkayenda mondondozana, ndipo pakudya imodzi inkaima khosi njo, maso kumwamba. Mphamba akangodutsa inkalira, zonse n'kulowa pansi pa nkhokwe. Pakapita kanthawi ina inkasiya kudya n'kuyamba kulondera, yoyambayo n'kuwerama. Thadzi silinaziphunzitse zimenezo. Lokhalo linali lopusa, mphamba anali atalilanda ana kawiri konse.

"Amake mwana, izi n'za m'magazi," anatero amuna anga tsiku lina akuziyang'ana. "Zinabadwa zikudziwa kale kusamalana. Muzidule mapiko, zikadzamva zinzake kudambo zidzapita."

"Zipite kuti? Make ndi nkhuku, zakula ndi gaga wanga, tchire sizilidziwa n'komwe."

"Nanga kulonderaku munaziphunzitsa ndinu?"

Ndinawauza kuti aziphunzitsa ana kusukulu, za kukhola andisiyire. Mapiko sindinadule. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti chinthu chimakhala monga unachilerera.

Titatha kukolola, madzulo ena nkhuku zinalowa m'khola koma nkhanga osaoneka. M'mawa ndinazungulira mudzi wonse. Vumbwe akagwira amatenga imodzi n'kusiya nthenga mbwee. Apa panalibe nthenga, panalibe magazi, ndipo zinasowa zonse pamodzi. Mumtima ndinati uyu ndi munthu, komanso munthu amene zinamuzolowera. Kupatula ine, ndani wina ankaziwazira mapira ngati si wamasiye uja?

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumuona mayi uja ndi maso ena. Utsi ukatuluka m'kanyumba kake ndinkadutsa dala, mphuno tcheru. Ana ake akaseka ndinkayang'ana ngati milomo ili ndi mafuta. Sabata yomweyo anapita kumsika wa kumalire n'kubwera ndi sopo ndi chitenje chatsopano. Anati anagulitsa mphasa zomwe ankaluka, ndipo n'zoona ndinkamuona akuluka, koma ndinasankha kuiwala. Ndinapita kwake ngati ndikukapala moto, maso ali padzala. Ndinatola kanthenga kamodzi kamawanga. Nkhangazo zinkasamba fumbi pamenepo tsiku lililonse, koma ine ndinakamanga pansonga ya chitenje ngati umboni.

Sindinamufunse. Ndinachita choipa kuposa pamenepo. Pachitsime, amayi anzanga ali tcheru, ndinangoti, "Masiku ano zinthu zikusowa ndi anthu omwe tikuwasunga." Ndinanena kamodzi kokha, n'kusenza ndowa yanga.

Mawa lake anabwera, n'kukhala pansi pafupi ndi mtondo.

"Amayi, ndamva. Bwenzi mutandifunsa ine."

"Ine sindinatchule dzina la munthu."

"Inde, simunatchule."

Sanalire, sanalumbire. Ine ndinati mumtima, wosalakwa akanakalipa. Patapita masiku atatu anamanga katundu wake m'chitenje chija n'kunyamuka ndi ana ake. Ena anati walowera ku Katete. Ndisaname, tsiku limenelo ndinamva ngati ndapambana mlandu.

Panapita mwezi. Ndikupita kudimba m'mamawa, ndinakumana ndi gulu lalikulu la nkhanga zakutchire zikudya m'mapesi m'mphepete mwa dambo. Yolondera inalira, zonse n'kuthamangira kuudzu. Koma zingapo zinatsalira, zikundiyang'ana. Ndinaitana monga ndinkaitanira nkhuku pozipatsa gaga, ndipo zinabwera mapazi angapo, makosi atapendeka. Ndinawerenga kawiri. Zinali zisanu ndi zitatu, zonenepa bwino. Yolondera ija italiranso, zinatembenuka n'kutsata zinzake.

Ndinakhala pansi m'mapesimo nthawi yaitali. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo. Kulera kwanga konse kunangokwanira mapazi angapo aja, ndipo chifukwa chokana kuvomera zimenezo ndinathamangitsa munthu.

Amuna anga nditawauza sanandiseke. Anangofunsa kuti, "Nanga pachitsime mukanena?" Ndinakanena tsiku lomwelo, mokweza, kuti nkhanga ndaziona ndi maso anga ndipo mayi uja sanabe kanthu. Wina anati, "Aa, n'zakale izo, munthu wake anapita." Anapitiriza kutunga madzi.

Tchuthi chitafika ndinakwera basi mpaka ku Katete. Ndinafunsa mumsika, ndinafunsa m'masitolo a Asilamu a m'mphepete mwa msewu, kenako ndinafika ndi ku Sinda komwe. Bambo wina wogulitsa nsalu anandimvera chisoni n'kunena kuti othawa nkhondo amadziwana, ndingomuuza mudzi womwe mayiyo anachokera, iye afufuza. Mudziwo sindinkaudziwa. Chaka chathunthu tinakhala khomo limodzi, ndinkadziwa chomwe waphika ndi chomwe wagula, koma za kwawo sindinamufunsepo.