Mphindi khumi ndi zinayi za Wongani wanga

Inu a shopu ya beti ya pafupi ndi doko, inu a chitseko chofiira, lero mwandilakwira. Mwandilakwira, ana inu, mwandilakwira ndithu. Ndikulemba m'Chichewa dala, chifukwa akuti mwini shopu amakhala ku Lilongwe. Asadzanene kuti Chitonga sanamve.

Ine ndine NyaManda, wogulitsa ufa wa kondowole mumsika, mzere wa kumunsi. Amene simundidziwa funsani za gogo woimba uja, akulozerani. Juga sindinaigwirepo chibadwire. Ndinalowa mwanumo chifukwa cha mwana.

Mwanayo ndi Wongani, mdzukulu wanga. Anachoka kuno ali kumsana, mayi ake, Jesi, amene ndi mwana wanga wachiwiri, akupita ku Joni kukafuna ganyu. Sanabwerenso. Mapepala a Jesi sali bwino, akatuluka sangalowenso. Lero Wongani ali ndi zaka makumi awiri, akuti ndi chimphona, koma ine ndimangomudziwa mawu. Zithunzi amatumiza, eee, koma pa kafoni aka nkhope ya munthu ndimaiona ngati utsi. Diso lamanzere ng'ala inalitseka chaka chatha. Lamanja nalo layamba. M'mawa uliwonse nkhungu ikuwonjezeka, sitima ya Ilala ikafika ndimaimva ndi makutu, kuiona ayi. Chinthu chachikulu, chowala, ndikachiyandikira, chimenecho ndimachionabe. Mpaka liti sindidziwa.

Lachinayi Jesi anaimba foni. Akuti, "Ama, Wongani amusankha. Loweruka aoneka pa tivi, pa ragibi. 2:40 masana, malaya akuda, nambala sikisi. Musachedwe, ama, chonde musachedwe."

Ndinaimba! Ndinaimba mumsika mpaka a usipa anasiya kuitana malonda. Wongani wanga pa tivi, Wongani wanga pa tivi, ndimuona ine, ndimuona! Ragibiyo ndinkangoidziwa pang'ono, kuti mpira wake uli ngati papaya, amathamanga nawo m'manja, amaponyerana cham'mbuyo, akakugwira amakugwetsa pansi popanda kupepesa. Basi. Zina zonse ndimati adziwa ndi eni matiivi.

Ndinayenda. Kwa anyamata oonetsa mpira akuti ife ndi wamiyendo wokha. Ku maloji a ku Chikale akuti tivi ndi ya alendo ogona. Kenako ndinaona chikwangwani chanu, zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale diso langa linawerenga: MASEWERA ONSE TIMAONETSA. Onse. Munalemba ndinu, sindine. Lachisanu ndinalowa kudzafunsa, ndipo mnyamata wanu wa pa kauntala, uja wovala kachingwe ka nyimbo m'khutu, anati, "Zilipo gogo, bwerani."

Lero ndinatseka benchi langa 1 koloko, tsiku la Loweruka, tsiku la malonda. Ndinasamba, ndinavala chitenje chimene ndimasungira ukwati wa ena, ndinamanga duku. 2 koloko ndinali pakhomo panu.

Amayi anzanga, amene simunalowemo mverani. Kunja dzuwa, m'katimo mdima. Mwera wakhala ukuwomba sabata yonse, mabwato ali pamchenga, ndiye anyamata onse a m'nyanja anali mmenemo, ataima phee, makosi m'mwamba, aliyense kapepala m'manja. Ndinapereka moni wa kwathu kuno, "Timuoneni, ada." Palibe anayankha. Ana amene ndinawaona akuyamwa, palibe anati yewo. Matiivi atatu, onse mpira wa azungu wamiyendo.

Ndinapita pa kauntala. Mnyamata uja akuti, "Gogo, muno mpando ndi wa obetcha. Tivi nayo ndi ya obetcha."

Dzulo bwanji simunanene?

Akuti, "Dzulo simunafunse."

Chabwino. Ndinamasula mfundo ya chitenje, K2,000. Ndinamutsegulira mawu amene Jesi ananditumizira pa foni kuti amve dzina la timu, poti ine lilime limakana. Anamvera ndi khutu limodzi. Anagogoda pa makina ake. Akuti, "Ndaipeza." Kapepala kanatuluka, tizilembo ngati nyerere.

Ndinafunsa, "Waika pa Wongani?"

Akuti, "Ndaika pabwino, gogo, musadandaule."

2:30 mpira wawo unayamba. 2:40 ndinaimirira. "Ada, nthawi ija yakwana."

Akuti, "Gogo, mukufuna anthu awa andiphe? Ragibi ndi eyite minitsi, imatalika kuposa ulaliki. Awa akapuma pa hafu taimu ndikusinthirani. Muonera mpaka mutopa."

Ndinati matiivi alipo atatu, ndipatse imodzi, kaja kakang'ono ka pakona. Akuti rimoti ali nayo abwana. Abwana ali kuti? Akuti atuluka. Abwera liti? Anabwezera kachingwe m'khutu.

Ndinakhala pansi. Ndinamukhulupirira, chifukwa ntchito ndi yake, makina ndi ake, iye amawerenga tizilembo tating'ono. Ndinayamba kuimba chapansipansi kuti mtima ukhale m'malo. Ine ndikuimba kuno, kumeneko mwana akuthamanga. Ine ndikuimba kuno, kumeneko mwana akundifuna. Anyamata aja sanatembenuke, anangoti maso pa tivi ngati akudikira mtembo pa doko.

3:15 azungu anapuma. Mnyamata uja anakoka dirowa, n'kutulutsa rimoti. Rimoti ija inali ndi abwana! Kodi abwana anu amakhala m'dirowa?

Anasintha. Ndinayandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Udzu wobiriwira ndinauona. Malaya ofiira ndinawaona, oyera ndinawaona. Akuda kulibe. Ndinafufuza uku, ndinafufuza uko. Bwalo lalikulu, anthu ochepa, malaya akuda kulibe.

"Ada, akuda ali kuti?"

Anayang'ana pa makina, n'kuseka. Akuti, "Aaa, gogo, yanu ija inatha kalekale. Kani inali ya sevenzi. Koma osalira, mwawina! K2,800!"

Mulungu andikhululukire, ndinaimba nthungululu. Ndinavina pakati pa shopu yanu, duku linagwa. Ndimati ndamuphonya inde, koma mwana wapambana, mwana wanga wapambana! Ndikuvina choncho foni inalira. Jesi.

Mawu ake anali otsika. "Ama, mwaona?"

Ndinati apambana eti!

"Ama, aluza. Wongani amugwetsa moipa. Phewa. Atuluka naye."

Ndinatembenukira pa kauntala. Ngati aluza, ine ndawina bwanji?

Akuti, "Ndinakuikirani pa timu inayo. Ya mdzukulu wanuyo inalibe mwayi, mukanangotaya ndalama. Ndakuthandizani, gogo. Ena amandipatsa ya fanta."

Wandithandiza.

Ndalama yanga, thukuta la chinangwa changa, munaitenga n'kuiika kuti mwana wa mwana wanga agonje. Ine n'kuvina. Phindu lake K800. Mdzukulu wanga, K800! Ngakhale mulu wa nsomba za batala pa doko sagulitsa choncho.

Ndiye kumbuyo kuja wina analankhula, sindinamuone nkhope, ndinangomva mawu. "Gogo wadya mdzukulu." Anaseka. Amene anakana kundiyankha moni aja, pamenepa pakamwa panatseguka.

Inu mumaseka. Inu ndinu ana. Ine ndakula kuno, ndikudziwa mawu otere kumene amathera akanenedwa pa nkhalamba ya diso loyera. Amayamba ngati nthabwala, amatsika ku doko, amakwera phiri, akamafika kumudzi salinso nthabwala. Pamene ndimabwerera mumsika kukatenga dengu langa, mayi wa benchi loyandikana nane, amene timadyera m'mbale imodzi, anali atasuntha beseni lake. Pang'ono pokha. Koma ndinamva likukhwekhwereza.

Ndalama ija sindinaigwire. Ili pa kauntala panu, K2,800 yonse, ndi kapepala kake. Musandibweretsere. Musatume munthu. Dzanja langa silidzaikhudza.

Nditakhala pansi pa mtengo kunja, Jesi anandifotokozera zimene mnyamata wanu amayenera kundiuza. Ndikuzilemba pano kuti nanunso muphunzire, poti zikuoneka kuti mumagulitsa nsomba imene simudziwa dzina lake. Ragibi si imodzi. Ilipo ya anthu khumi ndi asanu mbali iliyonse, imeneyo ndiye ya mphindi makumi asanu ndi atatu, ya zimphona zokankhana mitu pansi. Ilipo ina ya anthu khumi ndi atatu, yotalika chimodzimodzi koma malamulo ake ena. Ndiye ilipo ya Wongani, ya anthu asanu ndi awiri, ya othamanga. Mphindi zisanu ndi ziwiri, kupuma pang'ono, zisanu ndi ziwiri zina, basi yatha, alowe ena. Madzi a tiyi asanawire bwino pa mbaula, anthu agwirana kale chanza. N'chifukwa chake amasewera kangapo pa tsiku, masiku awiri. Jesi akulira kuti sanandiuze, amati ndikafika pa nthawi zikwanira. Ndinafika pa nthawi, mwana wanga. Ndinafika nthawi isanakwane.

Mphindi khumi ndi zinayi zokha ndi zimene ndinapempha, osadziwa kuti ndi zochepa choncho. Matiivi atatu. Mphindi khumi ndi zinayi.

Tsono ndifunse, inu a ku Lilongwe. Makina anu aja sanalembe kuti ndi sevenzi? Analemba, chifukwa mnyamata wanu anawerenga pomwepo masewera atatha. Nanga asanathe maso ake anali kuti? Mumalandira ndalama za anthu pa masewera amene simudziwa kuti amatha nthawi yanji? Ndani anamupatsa mphamvu yosankhira munthu mbali? Ndi angati osaona bwino, osawerenga bwino, amene mwawaikira "pabwino"? Mawu aja ONSE pa chikwangwani, munalemba muli maso kapena munali mutamwa?

Ndipo inu amene mumabetcha, ana a anzanga, ndikuchenjezeni. Musanapereke ndalama funsani kuti ragibi yake iti, ya anthu angati, ya mphindi zingati. Kapepala akakupatsani, wina akuwerengereni mokweza musanachoke pa kauntala. Ine sindinatero, onani pamene ndili. Kuposa apo, musalowemo n'komwe. M'nyumba muja anthu amalowa ndi moni, amatuluka alibe.

Madzulo ano timu ya Wongani yaseweranso, iye anakhala panja, phewa atalimanga. Mawa ndi tsiku lomaliza. Jesi akuti 11:10 m'mawa, ndipo aphunzitsi ake anena kuti phewa likalola alowa, ngakhale chigawo chachiwiri chokha. Zikatha mawa, za pa tivi zatha. Chaka chamawa diso ili lidzakhala lili kuti, inu mukudziwa? Ine sindidziwa.

Ndiye mverani bwino, ndikuimbireni pang'onopang'ono kuti mawu alowe.

Mawa ndi Sabata. Ndapita kale kwa amayi a umanyano, amayi a ku tchalitchi kwathu, khomo ndi khomo, ndawauza ndekha nkhani yonse mawu a mumsika asanawapeze. Ena anayang'ana pansi. Ambiri anati tibwera. Tikatuluka mapemphero oyamba sitipita kunyumba. Titsika msewu wa ku doko titavala zoyera zathu, tikuimba, eee tikuimba, ndipo 11 koloko tidzakhala pa chitseko chofiira. Sitidzaswa kanthu. Sitidzatukwana munthu. Tidzalowa, tidzakhala pa mipando yanu, ndipo palibe adzabetche ngakhale tambala. Anyamata a m'katimo adzatembenuka n'kupeza amayi awo, azakhali awo, apongozi awo. Tidzaona ngati moni sadzayankha.

Ndikufuna tivi yaikulu ija ya pakati, osati ka pakona. Ndikufuna rimoti ikhale pa kauntala poonekera. Ndikufuna mnyamata wanu achotse kachingwe m'khutu, aimirire, anene pamaso pa amayi onse ndi anyamata onse kuti mbali ija anasankha ndi iye, gogo sanadziwe. Anene mokweza, mawuwo atsike ku doko, akwere phiri, adutse njira yomwe anzake adutsa lero. Abwana anu atuluke m'dirowa adzamve.

Mukatseka shopu, tidzaimba panja. Mukati magetsi azima, jenereta yanu timaimva tsiku lililonse mpaka mumsika. Mukati tchanelo chavuta, tidzabwera Lolemba, tidzabwera Lachiwiri, ufa wanga udikira, nyimbo sizitithera ife.

Posachedwapa foni yalira kachiwiri. Si Jesi. Ndi Wongani mwini wake, watumiza mawu, Chichewa chake chokhota cha ku Joni. Akuti, "Ambuya, ndinathamanga kwambiri chifukwa amama anati mukuonera. Munandiona?"

Ndamvera kanayi. Sindinamuyankhe. Kunama sindifuna, ndipo zoona zake sindingamuuze mwana ali ndi phewa lotupa.

Ndidzamuyankha mawa, 11:30 isanakwane. Chimene ndidzamuuze, musankha ndinu.