Nthambi ya Pathanki ya Mpweya

Mpingo wathu ku Chimwankhunda unali ndi lole yakalekale imene inatha ntchito kwa asilikali. Inkanyamula akwaya, njerwa, koma makamaka maliro. Woyendetsa wake anali bambo wina wopuma usilikali, ndipo ine ndinkakhala naye kutsogolo chifukwa ndinali mkulu wa mpingo. Zaka zokhala pambali pakezo zinandipatsa maganizo oti loleyo ndikuidziwa. Laisensi ndinali nayo, sipanala ndinali nayo. Chimene ndinalibe ndinachizindikira tsiku lonyamula maliro a bambo yemweyo.

Tinayenera kukamuika kwawo ku Chikwawa. Uthenga unali utafika woti adzukulu amaliza kukumba manda, ndipo kutentha kwa kuchigwa sikulola kuti thupi ligonenso. Ndinaimirira pamaso pa anamfedwa n'kunena kuti ndiyendetsa ndine. Ndinathyola nthambi za mango, monga mwa mwambo, n'kuzimangirira ndi linya kutsogolo ndi m'mbali mwa lole kuti apamsewu adziwe kuti pakudutsa maliro. Ndinamanga zolimba, moti ndinadziyamikira.

Nditaliza injini, muvi wa geji ya mpweya unakwera pang'ono n'kuima. Loleyo mabuleki ake amagwira ndi mpweya, ndipo wotsika zitunda za ku Thabwa mpweya uli woperewera ndiye kuti akukawonjezera ntchito kwa adzukulu. Ndinaponda moto, muvi osasuntha.

Ndinavula jekete. Ndinakunga lamba wa kompuresa yopopa mpweya, amene analibe mlandu. Ndinamasula paipi yabwinobwino n'kuimanganso. Amayi a chigwirizano anali akuimba nyimbo za chitonthozo, ndipo ndinawapempha kuti akweze mawu, ati kuti anamfedwa asade nkhawa, pamene chenicheni ndinkafuna kuti asamve kugogoda kwanga kopanda mutu. Ndinalalikirako ngakhale za chigwa cha mafupa owuma amene anapatsidwa mpweya. Ena anati amen. Muvi sunatembenuke mtima.

Dzuwa linafika pamutu. Akuchimuna anayamba kunong'onezana zoti mwina malemu akukana kupita. Ndinawadzudzula kuti zimenezo n'zachikunja, koma mumtima ndinasangalala pang'ono kuti mlandu wapeza mwini wina.

Namfedwa, mkazi wa malemu, anali atakhala pamphasa pafupi ndi tayala lakumbuyo. Anandiitana ndi dzanja, ine n'kugwada kuti ndimve.

"Abambo, anzanu aja zikatere ankazimitsa injini. Ankatiuza kuti tonse tikhale chete, iwo n'kumamvetsera."

Ndinazimitsa. Ndinapempha amayi aja kuti nyimbo iyambe yaima. Bata litagwa, tonse tinamva kamluzu kochokera kunsi kwa lole, kofanana ndi mphika wa nyemba ukamatulutsa nthunzi. Ndinakumbuka mneneri uja wa kuphanga, amene sanapeze Mulungu m'chimphepo kapena m'moto, koma m'kamawu kofatsa.

Ndinakwawa kutsatira kamluzuko. Pansi pa thanki ya mpweya pali kamphete kamene woyendetsa amakoka m'mawa kuti madzi a m'thankimo atuluke. Pakamphetepo panali linya, litakoka zolimba moti mpweya unkathawira pomwepo, ndipo kumapeto kwake kunali nthambi ya mango. Mfundoyo ndinaidziwa. Inali yanga.

Ndinakhala kunsiko nthawi yoposa imene kumasula mfundo kumafuna. Ndinaganiza zotuluka n'kunena kuti inali vavu yovuta kwambiri. Koma mayi uja anali akundiyang'ana pakati pa matayala, nthambi ili m'manja mwanga.

Nditatuluka ndinaikweza m'mwamba n'kuuza anthu onse kuti wamanga ndine. Palibe anaseka, poti anali maliro. Anadzaseka pambuyo pake, ndipo ena akusekabe mpaka lero.

Nditalizanso injini, muvi unakwera mpaka pamalo pake. Ku Thabwa ndinatsika ndi giya yaikulu, pang'onopang'ono, makutu ali kunsi kwa lole, ndipo mnzathu tinamuika dzuwa lisanalowe. Pobwerera, namfedwa anatumiza mawu kutsogolo kuti nthambi za ulendo wina adzamange amayi a chigwirizano.