Tsiku limene komputadori sinawapeze a Bonifasiyo

Ndikukumbukira fumbi la malasha pa zenera la atsibweni anga a Zeka, m'dera la 25 de Setembro ku Moatize. Makolo anga atabwerera ku Zóbuè kuchokera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, ananditumiza kwa iwo kuti ndikapitirize maphunziro ku shikola. Atsibweniwo anali ndi komputadori yonunkha pulasitiki wotentha, imene ankalembapo pulogalama ya sikelo yoyezera magalimoto.

Mu pulogalamayo munali mayina ambirimbiri, lililonse ndi ntchito yake. Anandiphunzitsa kachida kena koti ukalemba dzina, kankakusonyeza mzere umene dzinalo linayambira ndi malo onse amene likutchulidwa. Akazi awo anangomva theka, n'kukalengeza pa mpopi kuti makina a amuna awo amadziwa aliyense wotchula dzina la mnzake.

Magetsi athu ankachokera kwa a Bonifasiyo pa waya wodutsa mumtengo wa masau. Kale anali shefi, mkulu wa pa siteshoni ya sitima, ndipo chipewa cha ntchitoyo sanachivule ngakhale udzu unali utamera m'njanji. Masana ena anafika thukuta lili kamukamu.

"Zeka, lemba dzina langa. Ndikufuna ndidziwe amene amandinena m'dera lino."

"Shefi, kachidaka kamangofufuza m'pulogalama, osati..."

"Lemba!"

Ndinalemba ndine, ndi chala chimodzi. Sipanatuluke kanthu.

"Palibe amene akukutchulani," ndinatero mokondwa, poganiza kuti ndi uthenga wabwino. Ndinawonjezanso zimene ndinaphunzira dzulo lake, kuti dzina losatchulidwa paliponse timalifufuta chifukwa limangodzaza malo.

A Bonifasiyo anandiyang'ana, n'kutuluka osatsanzika. Tisanapume n'komwe, komputadori inazima. Waya anali atauzula.

Tinakhala masiku opanda magetsi, eni sikelo akufuna pulogalama yawo. Mapeto ake atsibweni anapita kukapepesa, n'kunena kuti makina anali asanatenthe bwino tsiku lija. Waya utabwerera, atsibweni anatenga kagawo kena kotchulidwa m'malo ambiri m'pulogalama, kamene ntchito yake inali kungoimitsa zonse kwa kanthawi kuti sikelo ikhazikike, n'kukapatsa dzina la Bonifasiyo.

Shefi atabweranso, ndinalemba dzina lawo ndipo mizere inadzaza galasi lonse la komputadori. Anavala magalasi, n'kutsata ndi chala mpaka pansi, ngakhale sankamvapo kalikonse.

"Ndinadziwa," anatero akumwetulira. "Nsanje basi. Anthu a kuno sagona nane."

Kuyambira pamenepo ankatipatsa moni ali kutali, ndipo galimoto iliyonse yokwera pa sikelo ija inkayamba yadikira Bonifasiyo.

Lero ndimalemba mapulogalama ku Tete, ndipo kachida kotere kali kale mkati mwa komputadori, ndimangogunda dzina. Koma ndikakwera shapa, minibasi ya kuno, ndimaona anthu akulu ndi ndevu zawo ataweramira pa foni, kufufuza amene wawatchula, nkhope zili gwa akapeza kuti palibe. A Bonifasiyo tinkawaseka chabe. Iwo anangofulumira kubadwa.