Ankhoswe a Pakona ya Ofesi

Ntchito yanga yoyamba inali ku gulu la alimi a mkaka ku Kadewere. Ankanditchula kuti mlembi, koma kunena zoona ndinali kapolo wa kompyuta imodzi yakale imene inkakhala pakona ya ofesi, itafunditsidwa chitenje kuopa fumbi.

Alimi akabweretsa mkaka m'mawa, tinkalemba malita a aliyense m'kompyutamo. Ogula mkaka ku Blantyre ankaona lipoti lathu pa intaneti, n'kudziwa ngati atumize galimoto yaikulu kapena yaing'ono. Kuti manambala achoke mu ofesi n'kukafika pa lipotilo, ankadutsa m'kapulogalamu kotchedwa getiweyi, kamene kankakhala m'kompyuta yomweyo. Kompyuta ikazima, lipoti linkaima pa nkhani zadzulo, galimoto n'kubwera yolakwika, mkaka wina n'kutsala. Ndiye magetsi akwathu mukuwadziwa. Akathima n'kuyakanso, kompyutayo sinkadziyatsa yokha, inkafuna chala cha munthu. Komiti inaika lamulo loti chalacho chikhale changa. Kaya ndi Lamulungu, kaya ndili pamaliro, ndinkakwera kabaza kuchokera kwathu ku Magomero kukadina batani limodzi, n'kubwerera fumbi lili mbuu m'mutu.

Koma vuto lenileni ndinadziputira ndekha ndi pakamwa pangapa. Tsiku lina pamsonkhano a komiti anandifunsa kuti getiweyi n'chiyani. Pofuna kuoneka wanzeru ndinati, "Ili ngati nkhoswe. Manambala athu ndi lipoti salankhulana okha. Iyeyu ndiye amatenga mawu uku kukapereka uko."

Ndinaiwala kuti wapampando wa gululo anali amalume anga, amene kwathu timati atsibweni, munthu woimira maukwati osawerengeka kuyambira ku Likoswe mpaka ku Magomero. Anali ndi jekete limodzi labulauni limene ankavala pankhani za ukwati zokha, ndipo anthu akaliona likudutsa ankadziwa kuti kwinakwake kwapsa kapena kwakoma. Atamva mawu oti nkhoswe, nkhope yawo inawala. Anadzuka, n'kukaima pafupi ndi kompyuta ija ngati aona m'bale wawo wotayika.

Kuyambira pamenepo kompyutayo inasanduka ankhoswe. Atsibweni akalowa mu ofesi ankayamba kuona kanyali kobiriwira kamene kankaonekera pansi pa chitenje, n'kunena kuti, "Ankhoswe adzuka bwanji?" Ine ankandipatsa moni pambuyo. Anaigulira chitenje chatsopano, ndipo analetsa kuikapo kapu ya tiyi. Zimenezi zinkandipsetsa mtima, chifukwa wodzuka usiku ndi kuthyola msana pakabaza ndinali ine, koma ulemu wonse unkapita kwa chibokosi.

Patapita nthawi, katswiri wa kampani yogula mkaka anasamutsa manambala athu onse kupita ku nkhokwe ya pa intaneti, kumene iwo amati kumtambo. Malita tinayamba kulemba pa foni, n'kumapita okha kunkhokweko. Anandifotokozera kuti popeza lipoti lili kumtambo ndipo nkhokwe nayo ili kumtambo, palibenso chifukwa choti nkhani zizitsikira ku Kadewere kukadutsa pakona yathu. Anandionetsa pochita: kulemba adiresi ya nkhokwe, dzina lolowera ndi mawu achinsinsi, kenako kuuza nkhokweyo kuti lipoti likagogoda izilitsegulira. Ndinachita zonsezo tiyi wanga asanazizire. Manambala a m'mawa umenewo anatulukira pa lipoti, ndipo ndinavina ndekha mu ofesi.

Chimene chinatsala chinali lamulo lija. Ndipo linkandikhudza kwambiri, chifukwa chinkhoswe changa chinali pafupi, Loweruka, tsiku limene magetsi amakonda kusewera. Mwa lamulo, akanathima n'kuyakanso, mkwatibwi ndikanasiya alendo pabwalo n'kukwera kabaza.

Ndinapita kwa atsibweni mwaulemu wonse, n'kugwada.

"Atsibweni, kompyuta ija ntchito yake yatha. Lipoti ndi nkhokwe zikulankhulana zokha tsopano."

"Zokha?" anatero. "Popanda wapakati?"

"Eya. Ndipo zikumvana bwino kuposa kale. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Mphwanga, kumeneko timati kulowana. Anthu olowana amamvana ndithu, masiku oyamba. Nanga tsiku limene adzayambane adzapita kwa ndani? Ankhoswe sachoka. Lamulo lili pomwepo."

Ndinafotokoza mpaka malovu kuuma. A komiti ena ankangoti, "Anena apampando," ndipo mayi wina, amene ng'ombe yake inkapereka mkaka wambiri kuposa onse, anati iye malita ake sangawapereke kwa anthu okhalirana opanda mwambo.

Apa ndiye mutu wanga unayamba kugwira ntchito yoipa. Masana ena ofesi ili zii, ndinazula chingwe cha kompyuta ija kukhoma. Ndinali ndi tchaja ya foni ya kanyali kobiriwira, ndiye ndinailumikiza n'kuilowetsa pansi pa chitenje, pamalo enieni pamene kanyali ka kompyuta kankaonekera. Ndinakonza chitenje bwinobwino n'kukhala pampando wanga ngati munthu wosalakwa.

M'mawa mwake atsibweni analowa, n'kusuzumira pakona.

"Ankhoswe adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino," ndinayankha, maso ali pa foni.

Sabata yonseyo magetsi anathimathima monga mwa chizolowezi, koma galimoto inkabwera yoyenera tsiku lililonse. Atsibweni anayamba kuyamikira ankhoswe pamaso pa alimi, kuti onani mmene akugwirira ntchito masiku ano, chitenje chatsopano chawalimbikitsa. Ine ndinkaluma mlomo kuti ndisaseke, ndipo tsiku lina ndinachita kuthawira kuseri kwa thanki ya mkaka.

Pamsonkhano wa komiti wotsatira, chinkhoswe chitatsala masiku ochepa, ndinapempha kulankhula. Ndinapita pakona n'kuvundukula chitenje. Chingwe chinali lende, kompyuta yozizira ngati mwala, tchaja yanga ili phee ikuwala. Anthu anaseka mpaka mayi wa ng'ombe uja anagwira m'mimba.

"Ndiye kuti sabata yonseyi ndakhala ndikupereka moni kwa tchaja?" anafunsa atsibweni.

Anasekanso anthu, atsibweni nawonso anaseka pang'ono. Kenako anaitanitsa foni yanga, n'kuyang'ana lipoti nthawi yaitali, ngakhale kuti magalasi anali atawaiwala kunyumba. Anati lamulo latha, mlembi apume. Anapinda chitenje chija okha n'kuchiika m'thumba.

Ndinali nditapambana. Pobwerera ndinayenda limodzi ndi atsibweni mpaka pamsewu. Tili pafupi ndi pokwerera anati, "Iwe ndi mnzakoyo munamvana kalekale pa foni. Tsiku munasankha nokha, zovala munasankha nokha. Ine mwangondiuza kuti Loweruka ndivale jekete. Ndiye ndizingoyaka pakona kuti anthu aone kanyali."

Zinandiwawa. Ndinkafuna kuchotsa kompyuta, osati munthu. Koma zonse zimene ananenazo zinali zoona, ndipo wakabaza anali atayamba kale kuliza hutala.

Chinkhoswe chinayenda bwino. Magetsi anathima tili pakati popatsana nkhuku, anayakanso anthu akudya, ndipo ine sindinasunthe pamene ndinakhala. Atsibweni anagwira ntchito yawo mwaluso, jekete lili pathupi, koma sanandiyang'ane kawirikawiri.

Lipoti ndi nkhokwe zikulankhulanabe zokha mpaka lero. Zinasemphanapo kamodzi, mawu achinsinsi atasinthidwa, ndipo ndinakonza pa foni ndili pamzere kuchigayo.

Za ine ndi bambo akunyumba zinali zina. Mvula yoyamba isanathe tinayambana, nkhani yake ya mbuzi imene anagulitsa osandiuza. Tinalankhulana tokha ndithu, mwachindunji, popanda wapakati, mpaka aneba anatseka mawindo. Tinayesanso pa foni, zinthu n'kuipiraipira. Mawa lake ndinamanga zovala m'chitenje n'kulunjika kwa atsibweni, maso atatupa.

Ndinawapeza pakhonde akusenda nandolo. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana katundu wanga, n'kupitiriza kusenda.

"Odi, atsibweni."

"Pepani mayi, ankhoswe anazimitsidwa. Munazula chingwe nokha pamaso pa komiti."

"Atsibweni, chonde."

"Simunati zikumvana bwino kuposa kale? Yesani kusintha mawu achinsinsi."

Ndinafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali kulira. Anandisiya ndilire mpaka lichero litadzaza. Kenako anadzuka, n'kusasa makoko pa thalauza, n'kulowa m'nyumba. Potuluka anali atavala jekete labulauni lija, akumanga mabatani.

"Katunduyo nyamula," anatero. "Sagona kuno. Tiye."