Misozi ya M'kabotolo

Chaka chimene anagulitsa migodi, ine ndinapita ku Joni kukakonzetsa maso ndi makina a kuwala otchedwa leza kuti nditaye magalasi. Ndinabwerako ndikuona bwino, koma maso atauma gwa, akuthwethwa ngati muli mchenga. Dokotala anandipatsa kabotolo ka mankhwala odontheza.

Posakhalitsa apongozi anga aamuna anamwalira ku Nkana West, ntchito ya pamgodi itangowathera. Pamaliro maso onse amakhala pa mkazi wa mwana. Azimayi anali kubuma m'nyumba, ine ndikuphethira, kutikita, kufinya zikope, osatuluka kanthu. Kunena zoona, ine ndi malemuwo sitinkamwerana madzi.

Ndinazembera kuseri kwa nyumba, n'kudonthezera mankhwala aja m'maso mpaka masaya ananyowa. Nditabwerera, apongozi aakazi anandikumbatira.

"Mwana wanga, sindinkadziwa kuti unkawakonda chotere."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinafwenthera ndithu! Mpaka lero ndikakumana nawo ndimasowa poyang'ana.

Madzulo ake mlamu wanga, mwana weniweni wa malemu, anandikokera pambali.

"Alamu, ndinakuonani kuseri kuja," anandinong'oneza.

Kenako anatambasula dzanja.

"Atsalamo m'kabotolomo? Mawa akubwera achibale a ku Chipata."