Khutu Langa pa Tayala la Kumanja

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amayi. Atatopa kundiona ndikungokhala pakhomo ku Kawale, anakalankhula ndi Che Saidi, makaniko wa ku Mangochi amene ankawagula zitumbuwa, ndipo m'mawa mwake ndinapezeka pagalaja yawo ku Biwi. Galajayo inali mtengo umodzi wa kesha, kontena yosungiramo zida, ndi dothi lakuda bii ndi oyilo. Miyezi yoyamba ndinkangotsuka zitsulo m'parafini, kupereka masipanala ndi kupopa jeke. Ndine wamantha chibadwire, ndipo Che Saidi sanachedwe kuzindikira. Ankandiseka kuti ndimalowa kunsi kwa galimoto ngati munthu wotsanzika abale.

Lachisanu lina kunabwera a Gondwe, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, ndi pikapu yawo. Anati ikamayenda imalira kuti tswiii, koma ikaima imangoti zii. Mawa lake inali yoti inyamule amayi a kwaya kupita ku ukwati ku Ntchisi. Amayi anga anali m'gululo, ndipo zovala anali atasita kale.

Tinayamba ndi zapafupi. Che Saidi analiza injini galimoto itaima n'kuponda mafuta, koma lamba wa fani sanalire. Tinaikweza pa jeke kutsogolo n'kuchotsa matayala. Mapadi a buleki anali okhuthala bwino, koma pakati pa disiki ya buleki ndi kachitsulo kotchinga kumbuyo kwake ndinapezapo kamwala. A Gondwe anakondwa n'kuyamba kusanthula makiyi m'thumba. Che Saidi anakagubuduza kamwalako m'manja, osakhutira. Anafunsa kuti galimotoyo imalira nthawi yanji, ndipo a Gondwe anavomera kuti imaliritsa ikasenza matumba a chimanga n'kuyenda kamtunda.

"Kamwala sikadikira katundu," anatero Che Saidi. "Imeneyi tiimvere ikuyenda."

Tinakweza injini yakufa ndi magiyabokosi akale kumbuyo kuti ilemedwe. Kenako anandipatsa chidutswa cha hosipaipi. Anati mbali imodzi ndiike kukhutu, inayo ndiiyandikize pakati pa tayala lakumbuyo galimoto ikuthamanga. Anatenga chingwe chokokera magalimoto, kundimanga m'chiuno n'kuchimangirira ku zitsulo za kuseri kwa kebini. 

Tinalowa msewu wa ku Chilinde, iwo akuyendetsa, a Gondwe ali pambali pawo. Ndinawerama kumanzere, mutu pansi, phula likuthamanga pafupi ndi nkhope yanga, fumbi likulowa m'maso. Maganizo onse anali pa mfundo ya chingwe ija. Mupaipi munkangomveka mphepo. Ndinakwawira kumanja, kumene kumadutsa magalimoto ochokera kutsogolo. Ndisanafikitse paipi patayala, minibasi inadutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake inandivula kapu. Ndinadziponya m'kati n'kuyamba kumenya denga la kebini ndi manja onse awiri.

Galimoto inaima. A Gondwe anasuzumira pawindo n'kufunsa ngati yasiya kulira, poti iwo kutsogoloko sanamve kanthu. Mawu oti yasiya anali pamlomo penipeni. Ndikanangowatulutsa, chingwe chikanamasulidwa, ine n'kubwerera kukatsuka zitsulo zanga mwamtendere. Che Saidi anatsika n'kubwera kumbuyo kumene ndinali.

"Mawa amayi ako akhala pamwamba pa tayala limenelo," anatero motsitsa mawu. "Walimvera kapena sunalimvere?"

Ndinayankha kuti sindinalimvere, ndinangomva mtima wanga. Sanandikalipire. Anakoka mfundo ija kuti ndione kuti ndi yolimba, n'kubwerera pa chiwongolero.

Ulendo wachiwiri ndinatsinzina. Ndinkaopabe, mwina kuposa poyamba, koma paipi ndinaifikitsa. Pamalo potsetsereka pokhotera kumanzere, katundu yense atatsamira kumanja, phokoso lija linalowa mupaipi n'kundilasa mpaka m'mano. Silinali la kamwala, linali la chitsulo chikudya chinzake. Ndinamenyanso denga.

Che Saidi anatsika n'kulavulira pakati pa tayalalo, malovu n'kuchita thovu ngati pa chiwaya. Tinabwerera pang'onopang'ono. Titachotsa dilamu ya buleki n'kusolola shafuti, beyaring'i inali youma gwa, yopanda girizi, itapsa mpaka kusintha mtundu, ndipo timipira take tinayoyokera m'manja mwanga. Che Saidi anauza a Gondwe kuti pa zitunda za ku Ntchisi tayalalo likanatuluka pamodzi ndi shafuti yake. A Gondwe anavula chipewa n'kukhala pa tayala lakutha. Titaika beyaring'i yatsopano, Che Saidi anatolanso chingwe chija, ndipo ndinaimika manja ndekha kuti andimange.

Loweruka madzulo amayi anabwera ali mbuu ndi fumbi, akudandaula za mabampu ndi mpunga wosapsa wa ku ukwati. Anaona mkwingwirima wa chingwe m'chiuno mwanga ndikupita kosamba, ndipo ndinangowauza kuti ndi za kuntchito.

Lero ndili ndi kagalaja kanga ku Chinsapo, ndipo mantha sanandichoke. Koma sindiuza munthu kuti galimoto yake yachira ndisanaimvere tayala lililonse itasenza katundu. Mwini wake akamandifulumizitsa, ndimangomufunsa kuti mawa kumbuyoko kukhala ndani.