Lampada ya anapiye pa miyala ya m'nyanja

Nkhani iyi ndikaifotokoza, ena amaseka n'kumafunsa kuti mwala ungadwalitse bwanji munthu. Koma ine ndine mayi wopemphera, sindingayambe kupeka mabodza ndi imvi zili m'mutuzi. Zimene ndikuuzenizi zinachitika m'khitchini mwanga kuno ku Tsangano, dzuwa likuswa mtengo, ndipo munthu amene anatinyamula kupita nafe kuchipatala alipo mpaka lero.

Mlongo wanga wamng'ono anakhala zaka zambiri kugombe la nyanja yamchere, akugwira ntchito pa hotela ina, yosamala nsomba za m'galasi zoti alendo aziona. Atabwerera kumudzi anamanga kanyumba pafupi ndi yathu, ndipo anabwera ndi bokosi lagalasi limene iye ankalitcha akwariyo. Madzi ake ankachita kusungunuliramo mchere wapadera wa m'matumba. Munali tinsomba tiwiri ndi miyala yobowokabowoka, yomera timaluwa tating'ono tobiriwira ndi tofiirira. Anandiuza kuti timaluwato si zomera koma tizilombo tamoyo, makorali, ndipo kuti moyo wake wonse umadalira kuwala. Ine ndinamuseka kuti anzake akuweta nkhumba, iye akuweta miyala.

Pamwamba pa galasilo panali lampada, nyali yamagetsi yaitali yowala mwa buluu, yoyaka ndi kuthima yokha pa nthawi yake. Ndinene zoona, lampadayo sindinkaikonda. Inkandikumbutsa magetsi a m'mabaraka momwe anthu amamwera mowa, komanso kuwala kwake kunali kofooka, koti sungalowetse ulusi pa singano. Mumtima ndinkati mwanayu anam'pusitsa ogulitsa, chinthu chofuna kuwala angachiike bwanji pa mdima wotere?

Mwezi wa Junyu wina anamuitana ku Tete ku ntchito ya mwezi wathunthu, ndiye anandisiyira kiyi ndi malangizo ochepa: kuponyera tinsombato kachakudya m'mawa, ndi kuonjezera madzi akatsika. Sabata yoyamba isanathe lampada ija inathima osayakanso. Foni ndinali nayo, nambala yake ndinkaidziwa pamtima, nanga chinandiletsa kuimba n'chiyani? Matama, abale. Mwana amene ndinam'bereka kumsana mayi athu ali kumunda, lero ndikam'funse za nyali? Ndinayenda m'maloja, masitolo a pamsika aja, yotero sindinaipeze, ndipo pobwerera ndinakumbukira kuti m'nyumba ndili ndi lampada yaikulu yofunditsira anapiye, yowala mwachikasu, yotentha bwino. Ndinaikoloweka pamwamba pa madzi paja, ndinatsegulanso katani kuti dzuwa lizilowa, ndipo ndinaisiya iziyaka osathimitsa kuti ibweze masiku amene anatayika. Ndinatuluka m'nyumbamo ndikudzitama kuti mlimi ndi mlimi basi.

Patapita masabata awiri galasi lonse linali ndere zokhazokha. Miyala inamera ubweya wobiriwira, timaluwa tija tinafunya, tina tinayera mbuu, ndipo madzi anali ofunda ngati osambitsira khanda. Kenaka kunabwera uthenga woti mwini wake afika Loweruka. Koma m'malo moulula ndinaganiza zobisa.

Lachisanu m'mawa ndinavuula mwala waukulu kuposa yonse, umene unali ndi timaluwa tambiri, ndinauika m'beseni n'kupita nawo kukhitchini kwanga. Mukudziwa kuzizira kwa kuno mwezi umenewo, chitseko ndi zenera zinali zotseka, ndipo amuna anga anali momwemo akusankha mbewu ya kachewere pafupi ndi moto. Iwowa ali ndi chifuwa cha mphumu kuyambira ubwana wawo, koma sichinkawaletsa kulima. Ndinakwecha mwala uja ndi burashi yochapira, ndere zikukana, mwalawo ukungotulutsa zoterera ngati therere. Apo ndinakumbukira mmene timaphera nsikidzi pa bedi, ndi madzi owira. Ndinawapempha kuti andigwirire beseni, iwo anagwira osafunsa kanthu, ndipo ndinakhuthulira ketulo yonse pamwalapo. Nthunzi inatikwera kumaso tonse awiri, yonunkha ngati nsomba yoola, ndipo amuna anga anangoseka kuti chuma cha alamu awo n'chonunkha.

Dzuwa lisanafike pamutu m'kamwa mwanga munayamba kuwawa ngati ndikuyamwa msomali. Maso anafiira, chimfine chinatsika, thupi linayamba kunjenjemera ngati malungo. Ndinatuluka kuti ndiwauze amuna anga, ndipo ndinawapeza atatsamira khoma pakhonde, pakamwa pali yasa, akukoka mpweya ndi mapewa, m'chifuwa mukulira mluzu. Milomo yawo inali itachita phulusa. Ndinawaitana, anandiyang'ana, koma mawu sanatuluke. Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo ngakhale nthawi imene tinkathawa nkhondo ndili mtsikana.

Mnansi wathu amene amanyamula kachewere pa galimoto ndi amene anatithamangitsira kuchipatala. Namwino anawaika amuna anga pa mpweya, kenaka anayamba kundifunsa ngati tapopera mankhwala a m'munda, ngati tadya bowa, kapena ngati tinadzitsekera m'nyumba ndi mbaula ya makala. Zonse ndinakana, ndipo za mwala sindinatchule. Taonani mtima wa munthu! Mwamuna wanga akulimbana ndi mpweya, ine n'kumaganizabe za manyazi. Koma nditaona namwinoyo akupukusa mutu n'kuitana mnzake, ndinatuluka panja ndi foni n'kuimbira mlongo wanga, ndipo ndinamuuza zonse kuyambira pa lampada ya anapiye.

Anandifunsa ngati madziwo anali owiradi. Nditavomera, anandiuza kuti ndipereke foni kwa namwino msanga. Ndinamumva mlongo wangayo akufotokoza kuti mwa timaluwa timeneto tina tili ndi poizoni woopsa kwambiri, kuti ukatikwecha kapena kutithira madzi otentha poizoniyo amakwera ndi nthunzi n'kulowa m'mapapo, ndipo kuti munthu asalowenso m'khitchinimo mpaka mutapita mphepo. Tsiku lomwelo amuna anga anawatumiza kuchipatala chachikulu. Ine ndinachira patapita masiku awiri, koma iwo anakhalitsa.

Mlongo wanga sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Anangoti ndikanaimba tsiku loyamba lija akanandiuza kuti ndizisiye choncho, chifukwa masiku ochepa opanda lampada sakanapha kanthu, koma lampada yolakwika ndiyo imapha. Anandifotokozera modekha kuti pansi pa nyanja kuwala kumene kumafika n'kwa buluu, ndiye makorali anazolowera komweko. Kuti kuwala kwachikasu ndi dzuwa la pazenera zimanenepetsa ndere. Kuti makorali nawonso amafuna maola a mdima ngati ife. Ndipo kuti ngakhale lampada yoyenera imayambidwa mofooka n'kumaonjezera pang'onopang'ono, monga timachotsera udzu pa nazale ya fodya kuti mbande zisapse. Zonsezo anazinena m'kanthawi kochepa, koti n'kadazimva pa foni ndili chiimire.

Pamudzi ena ananong'ona kuti mnyamatayo anabwera ndi zithumwa za kunyanja, ndipo zinakwiya chifukwa chogwiridwa ndi mlendo. Ine zimenezo sindizikhulupirira, ndipo amene wandifunsa ndimamuuza kuti munalibe ufiti m'galasi muja. Munali zolengedwa za Mulungu zimene sindinkazidziwa, ndi mayi wina amene ankadziona ngati wodziwa zonse chifukwa analera anapiye. Paja amati safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi munthu wosalakwa.

Amuna anga ali moyo, tikuthokoza Mulungu, koma chifuwa chawo sichinabwerere mwakale. Akayenda pang'ono pokwera amaima n'kugwira m'chiuno. Anthu akawafunsa amati ndi mphumu yawo yakale ija, sananditchulepo ngakhale kamodzi.

Ndiye inu amene ana anu ndi abale anu akubwera ndi zinthu zachilendo m'makomomu, akakusiyirani chinthu choti musunge ndipo chaonongeka, imbani foni nthawi yomweyo, ngakhale mwini wake akhale mwana wa dzulodzuloli. Musasankhe nyali ndi nzeru za kukhola, musakweche mwala wa m'nyanja ndi manja, ndipo madzi owira asayandikireko n'komwe. Ine ndinaopa kuchita manyazi pamaso pa mwana amene ndinamulera, ndipo mpaka lero kumunda wathu wa kuphiri ndimapita ndekha.